Mbiri ya malemu Kinsley Zuze, mkamwini amene anabzala manachesi

Malemu bambo Kinsley Zuze anabadwa pa 3 Malichi 1950 ku Ligowe, ku Neno, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Nickson Fulatira, mlamu wawo, mlongo wake wa malemu mayi Fyness, akazi awo. Mundikhululukire ndikamalowetsamo zanga, chifukwa zambiri mwa izi zinachitika ine ndili pomwepo, ndipo zina wolakwa ndinali ine.

Sukulu anayamba mu 1958 pa mishoni ya kwawo, koma analekezera Sitandade 6 bambo awo atamwalira. Mu 1968 analembedwa ntchito pa nazale ina ku Thyolo. Kumeneko ndiye anaphunzira kukwatitsa mitengo, kuchotsa kadiso pa nthambi ya nachesi n'kukamezanitsa pa kamtengo ka ndimu kuti kabereke manachesi.

Mu Ogasiti 1974 anamanga banja ndi mlongo wangayo, nabwera kudzakhala chikamwini kuno kwa Nthache. Anafika ndi njinga, sutikesi imodzi ndi kampeni kakuthwa kamene sankabwereketsa ngakhale kwa abusa.

Mu 1976 mayi athu anawapatsa malo amiyala kutsidya kwa khwawa kuti alimepo nandolo. Iwo anakumbapo maenje makumi anayi n'kubzala mitengo. Achinyamata simungamvetse chifukwa chake mudzi wonse unagwa ndi phwete. Masiku amenewo mkamwini wanzeru ankalima zokolola chaka chomwecho, poti ukwati ukatha kapena mkazi akamwalira, mwamuna ankanyamuka kubwerera kwawo, mtengo n'kutsala. Ine ndinkawafunsa ngati adzazule mitengoyo n'kuimangirira pa keliyala tsiku lowasudzula. Ankangomwetulira, n'kundiuza kuti m'malo moyeretsa mano ndigwireko ndowa. Chilimwe chonse iwo ndi mayi Fyness ankatunga madzi kukhwawa, dzuwa likuswa mtengo, kuthirira timitengo tosafika ndi m'bondo momwe.

Mitengo ija inabereka koyamba mu 1981, ndipo oseka tonse tinakafola kukapempha mbande, ine kutsogolo. Sanatibwezere chipongwe, ngakhale kuti ine ankandipatsa mbande zanga akutsokomola dala. Achikulire mukukumbukira mmene mudzi uno unkakhalira ikafika Meyi mpaka Julayi. Madengu ankandandalika kuchokera pa tchalitchi mpaka pamsewu, malole a ku Blantyre akulizirana mahutala pa khwawa, njira yonse ikununkhira makoko. Ana ankapita kusukulu matumba a kabudula atatupa, ndipo mwana wokana kuti sanalowe m'munda ankagwidwa ndi fungo la m'manja. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri.

Mu 1988 alimi anawasankha kukhala wapampando wa kalabu ya zipatso, mpando umene anakhalapo zaka makumi awiri. Anaphunzitsanso abale athu othawa nkhondo ku Mozambiki kukwatitsa mitengo osawafunsa kuti abwerera liti, ndipo ena a iwo achokera ku Zobue lero kudzakhuza. Mu 1997, ali mu komiti ya chitukuko, anatsogolera ntchito yotuta miyala ya mlatho umene mwawolokapo pobwera. Pa msonkhano sankakweza mawu, koma munthu wotchera uvuni wa makala pafupi ndi khwawa ankawapeza m'mawa atakhala pa chitsa, akumudikira.

Pa 19 Sepitembala 2009 mayi Fyness anatisiya. Titatha kumeta, nkhani yowasudzula inafika kwa ine monga mwini mbumba. Ndinene zoona pamaso pa bokosi ili: ena a ife maso anali pa munda. Tinkati bambowa akatsala adzakwatira mkazi wina, amene adzadye thukuta la mlongo wathu pa nthaka ya mbumba yathu. Malemu anazimva, ndipo sanatsutse. Anamangirira sutikesi pa njinga, napempha chinthu chimodzi chokha, kuti tiziwalola kubwera kamodzi pachaka kudzathyola mphukira za ndimu m'munsi mwa mitengo, poti zikalekereredwa mtengo umasiya kubereka manachesi. Ine ndinangowerama.

Amene anatipulumutsa ku manyazi ndi amayi a kalabu, motsogozedwa ndi mayi Liness Bwanali, omwe akhala apowa. Anamasula sutikesi ija, nakaibwezera m'nyumba, kenako anandiuza mawu amene sindingawabwereze abusa ali pano. Malemu anatsala. Koma ife a banja sitinawasudzule, komanso sitinawauze kuti khalani, pano ndi panu. Tinangoganiza kuti nkhani yatha yokha. Zaka khumi ndi zisanu zotsatira anakhala okha m'nyumba imene anamanga ndi manja awo, sanakwatirenso, ndipo ngakhale kusintha lata lodontha ankayamba abwera kwa ine kudzapempha. Ine ndinkayesa ndi ulemu wawo chabe.

Anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi mu 2021. Pa 2 Juni chaka chino anagwa ali m'munda, mbali yakumanja n'kufa. Tinathamangira nawo ku chipatala cha boma ku Mwanza. Ali kumeneko, lilime likulemera, anauza mwana wawo Maureen kuti akatsikira kuli chete asavutitse eni mudzi, akawaike ku Neno monga mwa mwambo, chifukwa kuno palibe amene anawalonjeza malo kumanda. Maureen atandifotokozera, ndinakhala pansi pakhonde la chipatala n'kulira ngati mwana. Ndinati ndiwauza mawa akapezako bwino kuti kuno ndi kwawo. Anamwalira Lachiwiri pa 11 Juni 2024, ali ndi zaka 74, ndisanawauze.

Dzulo abale awo anafika ndi galimoto kudzatenga thupi, ndipo anali mu ufulu wawo. Mbumba yonse tinagwada pabwalo apa, amuna ndi akazi, kupempha kuti atisiyire. Mng'ono wawo, bambo Smart Zuze, anatifunsa chifukwa chake tikumufuna lero munthu amene tinamusiya m'malere zaka zonsezi. Tinangopepesa. Anakambirana paokha mpaka dzuwa kupendeka, kenako anavomera. Malemu agona kuno, pambali pa mayi Fyness.

Asiya ana anayi, Maureen, Jeremy, Betty ndi Tamara, zidzukulu khumi ndi zitatu, zidzukulutudzi ziwiri, komanso mng'ono wawo bambo Smart. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, mafumu, mpingo, adzukulu okumba manda, amayi amene achezera kuphika, ndi a kalabu amene asiya zipatso zikupsa m'mitengo kuti akhale nafe masiku atatuwa. Kwa a ku Neno, mawu othokozera atichepera.

Alamu, mawu amene munawadikira zaka khumi ndi zisanu ndikunena tsopano, mochedwa, pamaso pa anthu onsewa: khalani, kuno ndi kwanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.