Mphete Ziwiri za Mayi Tsuyako Hamasuna

Amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Tsuyako Hamasuna, mwana wa a Kugimiya, amene anabadwa pa 9 Marichi 1941 ku Kamegawa, mumzinda wathu uno wa Beppu. Atisiya ali ndi zaka 83. Ine ndikuwerengane ndine Genji Aramaki, mkonzi wa Kogane, kanyuzipepala kamene timagulitsa pageti la bwalo la mpikisano wa njinga. Pamapepala ndinali bwana wawo kwa zaka 31, koma aliyense amene wakhala pano akudziwa amene ankalamula mnzake.

Malemuwa anali achitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo ankakonza njinga m'kashedi koyang'anana ndi njanji, ndipo mwana amene ankadziwa pokhala sipanala iliyonse sanali mmodzi wa anyamata aja ayi, anali iwowa. Sukulu anaphunzira ku Kamegawa komweko. Aphunzitsi ankati mutu ulipo, koma belu la kuzungulira komaliza likangomveka kuchokera kubwalo, pensulo inkagwera pansi, iwo n'kuyamba kuwerenga masekondi ndi zala.

Mu 1958, ali ndi zaka 17, analowa mpikisano wa njinga wotchedwa keirini, mbali ya akazi. Mayi awo analira, bambo awo anangowamangira njinga. Mukudziwa nonse kuti njinga ya pabwalo ilibe mabuleki: ukakwera wakwera, kutsika n'kumapeto. Amene tinakhala nawo pafupi timati khalidwe lawo analitengera kunjingako. Pa zaka zisanu ndi chimodzi anapambana ka 56, anathyoka fupa la paphewa kawiri, ndipo kawiri konseko anabwerera pabwalo dokotala asanavomere.

Mu 1964 kunabwera kalata yoti mpikisano wa akazi watha. Panalibe kufunsana. Akazi anauzidwa kuti akapeze zina zochita, pamene amuna anapitiriza ngati palibe chachitika. Malemuwa anali ndi zaka 23 zokha, miyendo ili pachimake. Njinga ija anaipachika pakhoma la pabalaza, ndipo ilipobe mpaka lero. Mlendo akafunsa kuti, "Kodi munasiya liti kupalasa?" ankamuyang'ana m'maso n'kuyankha kuti, "Sindinasiye ine. Ananditsitsa." Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ndi amene anayendetsa moyo wawo wonse, mpaka Lamulungu lapitali.

Chaka chotsatira anamanga banja ndi Bambo Rokuro Hamasuna, wopalasa njinga wochokera ku Miyazaki. Ntchito ya a Rokuro pampikisano inali kutsogola, kudulira mphepo akuluakulu a m'chigawo chawo mpaka mphamvu ziwathere, enawo n'kuwapitirira pafupi ndi mzere. Malemuwa ankawaseka kuti, "Ndinakwatiwa ndi munthu wotopera anzake. Nanga kunyumba kuno mundidulira liti mphepo, bambo?" Ndipo anawadulira ndithu. A Rokuro akakhala pakhomo ankaphika mpunga, kuchapa ndi kuperekeza ana kusukulu, pa nthawi imene mwamuna wogwira poto ankasekedwa ndi msewu wonse. Anabereka ana awiri, Noboru ndi Sayoko. A Rokuro anatsogolanso mu 2009, monga mwa chizolowezi chawo.

Mu 1971 malemuwa anayamba ntchito ku Kogane. Ntchito ya kanyuzi kathu mukuidziwa. Mpikisano uliwonse timalemba mayina a opalasa n'kuika zizindikiro zothandiza anthu obetcha: mphete ziwiri, ina mkati mwa inzake, kwa amene tikuona kuti apambana, mphete imodzi kwa womutsatira, kamtanda kwa amene angachite mwayi. Mkonzi wa nthawi imeneyo anati azibambo a pageti sangagule maganizo a munthu wamkazi, choncho malemuwa ankasaina dzina lachimuna loti Tetsuzo. Tetsuzo anatchuka pachilumba chathu chonse cha Kyushu chifukwa sankapsatira mawu. Katswiri amene dziko lonse likumuombera m'manja, iye ankalemba kuti, "Mnyamatayu wanenepa ndi kutamandidwa, Lamulungu amupitirira pokhota pomaliza," n'kukhaladi choncho. Azibambo ena ankabwera ku ofesi ndi botolo la shochu kuti adzamwe ndi a Tetsuzo. Malemuwa ankalandira botololo ndi manja awiri, n'kuwerama mwaulemu, n'kunena kuti, "Abambowo angotulukapo kumene, koma ndiwapatsira."

Chaka chilichonse, m'mwezi umene kalata ija inabwera, Tetsuzo ankalemba nkhani imodzimodzi: akazi abwerere pabwalo. Ndivomereze pamaso pawo lero kuti ine nditangoyamba ukonzi mu 1993 ndinaikana. Ndinati, "Mayi, nkhaniyi inafa kalekale, anthu akufuna manambala." Iwo anati, "Genji mwanawe, iwe ukubadwa n'kuti ine nditagwa kale kawiri pabwalo. Ika patsamba loyamba." Ndinaika. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Malemuwa kudekha analibe, anali ndi liuma, ndipo nkhaniyo anailemba ka 41.

Mu 2012 akazi anabwereradi pabwalo. Malemuwa sananenepo kuti ndi chifukwa cha iwo, ndipo nafenso sitinena. Koma anakwera sitima ulendo wautali kupita ku Hiratsuka kukaona mpikisano woyamba, atatenga mdzukulu wawo Chihaya, mwana wamkazi wa a Noboru, yemwe anali ndi zaka 14. Belu litalira, mayi amene sitinawaonepo akulira ngakhale pamaliro a amuna awo anagwetsa misozi osaipukuta. Atabwerako anafufuta dzina la Tetsuzo n'kusaina lawo lenileni. Ena a inu munatha sabata osagula Kogane chifukwa cha manyazi. Ndikukuonani kumbuyoko.

Pa zachipembedzo, malemuwa anali a pakachisi uno kuyambira ali mwana. Kwa zaka 30 ankasesa kumanda ndi gulu la amayi Lachiwiri lililonse, ndipo pa Obon, mwambo wokumbukira makolo, msuzi wa timibulu ta ufa totchedwa madango umene tonse tinkadya unali wa manja awo. Ansembe angatichitire umboni kuti ankalawira kufika pano kuposa aliyense, koma tsiku la mpikisano sankapezeka, ndipo sankapepesa.

Chihaya anapita kusukulu ya opalasa ku Izu, n'kuyamba mipikisano mu 2020. Tonse tinkati tsopano mphete ziwiri zapeza mwini wake. Ayi ndithu. Zaka zinayi zathunthu agogo ake sanamupatsepo. Akamukomera mtima kwambiri, kamtanda. Tsiku lina Chihaya anabwera ku ofesi atafufuma ndi mkwiyo. "Agogo, ngakhale anthu osandidziwa amandipatsako mphete imodzi!" Iwo osatukula n'komwe mutu anati, "Osakudziwawo sakudziwa kuti belu likalira umacheuka. Ukufuna kuona ndani kumbuyoko, chibwenzi? Nyuzi iyi si ya pabanja." Wakutsina khutu ndi mnansi, koma kutsina kwa malemuwa kunkasiya chipsera, ndipo Chihaya anatuluka akumenyetsa chitseko.

Chaka chino madzi anamufika m'khosi Chihaya. Anagwa pabwalo mu Januwale, mapointi ake anatsika, ndipo lamulo la keirini siliona nkhope: amene watsalira pansi pa mndandanda nyengo ikamatha amamulanda chiphaso. Anatsala ndi mpikisano umodzi wa masiku atatu ku Takeo, kumapeto kwa Juni. Tsiku lomaliza ankafunika kufika woyamba kapena wachiwiri. Kupanda apo, njinga yachiwiri ikanakwera pakhoma lija.

Nthawi yomweyo malemuwa anali m'chipatala. Anayamba kudandaula m'mimba mu Marichi, ndipo madokotala anapeza khansa itafalikira kale. Iwo analamula kuti Chihaya auzidwe kuti ndi zilonda za m'mimba basi. Lachinayi Chihaya analowa m'nyumba yogona opalasa ku Takeo, n'kusiya foni yake pakhomo monga mwa lamulo. Kwa inu amene si a kubwalo: wopalasa akalowa m'menemo salankhula ndi munthu wakunja mpaka mpikisano utatha, kuopa chinyengo. Banja lokha ndi limene lingaimbire ofesi kuti kunyumba kuli matenda akayakaya kapena maliro. Pamenepo wopalasa amatuluka, koma mpikisanowo wautaya.

Loweruka chakumadzulo dokotala anaitana banja. A Noboru anatulutsa foni kuti aimbire ku Takeo. Malemuwa, amene anatha tsiku lonse osatsegula maso, anawagwira mkono n'kunena kuti, "Noboru, bweza m'thumba chimenecho." A Noboru anati, "Amayi, mwanayu sadzandikhululukira." Iwo anati, "Asakukhululukire, udzapirira. Ine ananditsitsa ndi kalata. Iwe ukufuna kumutsitsa ndi foni, dzina langa lili pakamwa? Ndakana." A Noboru analira ngati mwana, koma foni anabweza. Ndikunena pano kuti aliyense amve: amene akufuna kudzudzula bambo amenewa ayambe wadzudzula malemuwa, ngati angathe.

Kenako malemuwa anati andiimbire ine. Ndinawawerengera mmene mpikisano wa tsikulo unathera, ndi mayina asanu ndi awiri a mawa lake. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Belu litalira, anacheuka?" Ndinati, "Sanacheuke, mayi." Kenako anati, "Lemba. Nambala 6, Hamasuna Chihaya, mphete ziwiri." Ndinati, "Mayi, mwaiwala nambala 1? Wapambana kanayi motsatizana." Anati, "Genji, zaka 31 ukutsutsana nane, wapambanapo kangati? Lemba." Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza, ndipo ndinalemba monga ananenera.

Mayi Tsuyako Hamasuna anatsamira mkono Lamulungu pa 23 Juni 2024, nthawi ya 7 koloko m'mawa, ana awo onse awiri ali pambali. Masana ake Chihaya anakwera njinga asakudziwa kanthu. Belu litalira anali wachisanu. Anatulukira kunja, kumtunda kwa bwalo, osacheuka, n'kupitirira atatu. Nambala 1 uja yekha ndiye anamuposa, ndi theka la tayala. Anafika wachiwiri, ndipo chiphaso chake chili m'thumba mwake pano tikunena pano.

Ine ndi bambo ake tinamudikira pageti la opalasa. Anatuluka akuseka, foni asanaiyatse, koma atangoona a Noboru atavala zakuda anakhala pansi pomwepo. Bambo ake anamuuza zonse, osabisa kuti foni inali m'manja mwawo Loweruka lija. Ine ndinangomupatsa Chihaya Kogane ya tsikulo. Anaiyang'ana nthawi yaitali, chala chili pa nambala 6, kenako anati, "Agogo alakwitsa." Ulendo wonse wobwerera anakhala atawafulatira bambo ake. Koma titafika ku Beppu anatsitsa njinga yake, imene salola aliyense kuigwira, n'kuwapatsa bambo ake kuti amunyamulire.

Lero m'mawa a Sayoko anati nyuzi ija tiike m'bokosi pamodzi ndi maluwa, malemuwa apite nayo. Chihaya wakana kwamtuwagalu. Wati, "Imeneyi sapita nayo, azakhali. Agogo anamiza anthu a pageti chifukwa cha ine. Ndiisunga mpaka ndiikonze." Mwezi wamawa akwera pabwalo lathu lino la Beppu. Amene munkagula Kogane chifukwa cha a Tetsuzo, mudzabwere.

Malemuwa asiya ana awiri, a Noboru ndi a Sayoko, mpongozi wawo a Harue ndi mkamwini wawo a Daisaku, zidzukulu zinayi, Chihaya, Itsuki, Wakana ndi Soichiro, chidzukulutudzi chimodzi, komanso mng'ono wawo a Kinuko, amene atsala okha mwa ana asanu aja. Asiyanso njinga pakhoma la pabalaza, imodzi yokha, monga anafunira.

Apumule mu mtendere mayi athuwa, pakuti ali moyo kupuma sanakudziwe.