Injini Yofunda Pachisanu

Pamsika wa zitsulo za galimoto mumzinda wa Suceava, amuna awiri osadziwana ali pamzere wogula tiyi, chisanu chili mbuu.

“Injini ya lole yanga yakale yafa, achimwene. Mudzi wonse ukudikira ine kuti ndiwatutire nkhuni.”

“Mwapeza ina?”

“Ndaona ziwiri. Ya dizilo yalira kamodzi n'kamodzi. Ya petulo yayamba yatsokomola kaye ngati apongozi anga.”

“Ya diziloyo mwaigwira musanailize?”

“Eya, inali yofunda bwino, mpaka ndafunditsirapo manja.”

“Kuzizira konseku? Madala, wogulitsayo waikolezera moto kunsi inu musanafike kuti isavute kulira! Mawa mulawire, mukailize itagona pachisanu.”

“Nanga ikakana?”

“Mukatenge apongoziwo basi. Amatsokomola, koma amadzuka.”