A Harka Ali Padenga

Pabitra, mtsikana wophunzira za chisamaliro cha anthu ku yunivesite ku Kathmandu, anatumidwa kumudzi kukayendera a Harka, nkhalamba yokhala yokha. Anawapeza ali padenga pomwe ankayanika tsabola, makwerero ali pansi. Njati yawo yoweta, yamkaka, inali itawagwetsa.

"Mwanawe, tandiimikira makwerero."

Pabitra anakumbukira mawu a aphunzitsi ake: osamuchitira munthu, azipeza yekha njira.

"Agogo, ndikumva kuti mukufuna makwerero."

"Eya, makutu ako ngabwino. Imika."

"Mukumva bwanji pamenepo?"

"Kutentha. Ndi malata awa."

"Ndikunena mumtima."

"Mtima sunakhudze malata. Apsa ndi matako."

Pabitra anatsokomola. "Chabwino. Vuto lanu lenileni lagona pati?"

"Lagona apo, pafupi ndi phazi lako."

"Ayi, agogo, muzu wake!"

"Muzu? Alibe. Ndi nsungwi zodula."

"Nanga zikakuvutani, mumatsamira ndani?"

"Khoma."

"Munthu, agogo!"

"Oo. Mwana wanga. Ali ku Qatar. Kamuitane, kapena uimike makwererowo. Sankha chapafupi."

Kumapiri kunagunda bingu. Pabitra anayang'ana mitambo, thukuta lili kamukamu. Nkhalambayi ikanyowa n'kudwala, akanena chiyani kusukulu? Koma akangoimika, maphunziro onse aja alowa m'madzi. Mwamwayi anakumbukira lamulo lina.

"Sikuti ndikukuchitirani," anatero akuimika makwerero. "Tinaphunzira kuti munthu uzikumana naye pomwe ali."

"Ndili padenga."

"N'chifukwa chake ndikubwera."

"Aa! Kutsika kwanga ukwere ndiwe?"

Anakweradi, nakhala pamalata otenthawo, osaonetsa kuti akupsa.

"Tsopano tili pamodzi. Inuyo mukuona njira yanji?"

A Harka anayang'ana makwerero, n'kuyang'ana mtsikanayo.

"Mafunsowa akadalipo ena?"

"Ambiri, agogo. Sitinayambe n'komwe."

Nkhalamba ija inagwedeza mutu. Inatambasula mwendo pang'onopang'ono, n'kukankha makwerero. Phii! Njati inadzutsa mutu, n'kupitiriza kudya.

"Mayo! Agogo, mwatani? Mvula ikubwera! Titsika bwanji? Tiitane anthu!"

"Adutsa pochokera kumunda." A Harka anasendeza tsabola, namupatsa thumba loti akhalire. "Chichokereni mnyamata uja palibe wandifunsapo kanthu. Funsa lina, mwanawe. Koma usafulumire."