Chibowo m'silinda ya a Katsitsi

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa anabadwa pa 9 Malichi 1951, ndipo anali omaliza m'banja la ana awiri, onse aamuna. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo, mlongo wa mayi amene asiyidwawa. Banja landipempha kuti ndinene zinthu mmene zinalili, osakometsera. Ndikaphonya penapake mundikhululukire, chifukwa munthu amene ankandikonza ndikamalankhula ndi amene agona apawa.

Sukulu anayamba mu 1958. Bambo awo ankagwira ntchito yosonkhezera moto pa injini yoyendera nthunzi, pafakitale yocheka matabwa. Malemu ndi akulu awo akaweruka kusukulu ankapita kumeneko kukapereka chakudya, koma kubwerako kunali kovuta. Ankaima pakhomo la chipinda cha injiniyo, kukamwa kuli yasa, kuonerera gudumu lalikulu likuzungulira mpaka wina awathamangitse. Mayi awo ankati anabereka ana awiri koma injini inawalanda onse.

Atakula, onse analowa ntchito ya zitsulo, koma aliyense khomo lake. Akulu awo anapita kufakitale yosungunula zitsulo, kumene amaumba chikombole cha mchenga n'kuthiramo chitsulo chamadzimadzi, ndipo mpaka lero ambiri timangowadziwa kuti a Chikombole. Malemu analowa sukulu ya ntchito zamanja mu 1969, ndipo mu 1972 analembedwa ntchito pakampani yokonza makina a m'mafakitale. Ntchito yawo inali kusema chitsulo pamakina mpaka chifike pamuyezo wake. Anakhala pakampani imodzi yomweyo mpaka anapuma mu 2011. Anzawo anawapatsa dzina loti a Katsitsi, chifukwa chilichonse chimene munthu wawaonetsa kuti watha, iwo ankachiyeza n'kunena kuti, "Kwatsala katsitsi kamodzi." Ngakhale shelefu imene ndinakhoma kunyumba kwanga anaipezera katsitsi kake.

Pa 12 Ogasiti 1978 anamanga banja ndi mlongo wangayu, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Anali bambo osamala ana, osadziwa mowa, ofika pakhomo dzuwa likadalipo. Koma ndisaname kuti ankafulumirira ife. Ankafulumirira kugalaja. Galimoto yawo inakalamba ikugona panja, chifukwa m'galajamo munali makina akale osemera zitsulo amene anagula kuntchito, vaisi yopanira zitsulo, choboolera, ndi matupa opachikidwa pakhoma motsatana msinkhu ngati ana asukulu. Mlongo wanga wakhala akutola tinyenyeswa ta chitsulo m'masokosi, m'mabulangete, mwina ndi m'shuga momwe. Akadandaula, malemu ankangoti, "Mayi, thokozani kuti mukudziwa kumene ndili."

Mu 1998, bambo awo atamwalira, a Chikombole anabwera ndi bokosi lolemera n'kulitula m'galajamo. Munali zitsulo zoumba za kainjini kanthunzi kokwana pathebulo, kofanana ndi injini ya bambo awo ija: gudumu, tsinde lake, silinda yolowamo nthunzi, zonse zakuda ndi zokhakhala ngati zangofukulidwa pansi. A Chikombole anachita kusema okha zifanizo zamtengo za zitsulozo kuchokera m'mutu, n'kuumbira pa zifanizozo. Pangano linali lakuti wamkulu waumba, wamng'ono asema, ndipo tsiku loyatsa moto adzakhale onse awiri. Malemu anaigwira ntchitoyo Loweruka lililonse. Ankamanga gudumu pamakina, kulizungulitsa ndi dzanja, kulikhudzitsa choko, kuligogoda pang'ono, kulizungulitsanso, mpaka lisiye kuyenda mopendama. Akatero m'pamene ankalowetsa mpeni wa makinawo pansi pa khungu lolimba la chitsulocho, fumbi lakuda n'kumathothoka. Masiku amenewo ankalowa m'nyumba akuimba.

Apa ndafika povuta, ndipo a Chikombole andilola kuti ndinene. Mu 2001 malemu ankasema m'kati mwa silinda, mmene mumayenda pisitoni. Atatsala pang'ono kumaliza, mpeni unatulukira pa chibowo chonga kambewu ka nyemba, chimene mpweya unasiya chitsulo chikuzizira. Chibowo chotere sichioneka kunja, ndipo woumba aliyense amadziwa kuti chimachitika. Koma malemu anali ndi mtima wapachala. Anamasula silindayo, kupita nayo kwa akulu awo ovolosi ili m'thupi, n'kuiponya pathebulo pamaso pa alendo. "Ntchito yanu anthu oumba ndi imeneyi," anatero. "Kubisa zowola pansi pa khungu, kuti akavutike nazo wina." Akulu awo nawonso si munthu womeza mawu. Anayankha kuti, "Chitsulo changa chinalibe vuto. Wasema mopitirira ndiwe, ndi katsitsi kakoko." Kunatuluka mawu enanso amene sindingawabwereze pano pali abusa.

Akuluakulu amati chibale n'fupa, sichiwola. Awiriwa anayesetsa ndithu kuti aliwoletse. Zaka zoposa makumi awiri zinadutsa osapatsana moni. Akakumana pamsewu wina ankayang'ana zam'sitolo, wina kumanga chingwe cha nsapato. Ana anakwatira ndi kukwatiwa mipando ya mbali inayo ili yopanda anthu. Kainjini kanakutidwa ndi nsanza pashelefu pamodzi ndi silinda ija, imene malemu anabwerera nayo, ndipo malemu sanaimbenso m'galaja. Ine ndinawauza akadali moyo, choncho sindikuwajeda: kunali kuuma mutu, ndipo kunatipweteka tonse. Ndinayesa kuyanjanitsa, abusa anayesa, koma tinangotha malovu.

Mu Novembala 2022 malemu anayamba kudandaula za befu ndi kutupa miyendo. Kuchipatala anapeza kuti mtima wafooka. Anagonekedwa kangapo, ndipo chakumapeto kwa 2023 madokotala anatiuza mosabisa kuti mankhwala angochepetsa ululu basi. Mlongo wanga sanaope imfa kwambiri, poti anali ataivomereza. Chimene chinkamudya n'chakuti amuna ake apita ali ndi chakukhosi, ndipo tsiku ngati lalero lidzafika mbale wawo mmodzi yekhayo palibe. Anawapempha kuti atume mawu, koma iwo anatembenukira kukhoma.

Tsiku lina m'mawa mlongo wanga analowa m'galaja, natenga silinda yachibowo ija, kuikulunga m'thaulo n'kukwera basi. Atafika kwa a Chikombole anaiika pathebulo n'kunena kuti, "Alamu, mng'ono wanu akupita. Sananditume, ndabwera ndekha. Mukafuna kuona munthu bwerani tsopano, apo ayi mudzaona bokosi." A Chikombole anangoyang'ana silindayo, ndipo mlongo wanga anabwerera akulira, akuganiza kuti wangotaya nthawi.

Sanadziwe kuti zifanizo zamtengo zija zinali zikadali pamwamba pa kabati kwa a Chikombole. A Chikombole, munthu wopuma ntchito kalekale, wa mawondo ovuta, anapita kwa mnzawo amene ali ndi ng'anjo yaing'ono, kugwada pamchenga n'kuumba silinda ina. Mu Januwale 2024 anagogoda pakhomo. Tonse tinkadikira mawu opepesa, koma amene akuwadziwa awiriwa akudziwa kuti tinkadikira mvula m'chilimwe. Wamkulu anangoti, "Ndabwera ndi silinda." Malemu anaiyang'ana, kuigogoda ndi supuni ya mankhwala, n'kunena kuti, "Ikani apo, achimwene." Mawu akuti achimwene amenewo mlongo wanga anawamva ali kukhitchini, ndipo anakhala pansi.

Vuto linali lakuti manja a malemu anali atayamba kunjenjemera, ndipo kuimirira sankatha. Choncho tinawanyamulira mpando wa ndalema kugalaja, ndipo a Chikombole, amene moyo wawo wonse sanagwirepo makina osemera, anavala ovolosi ya mng'ono wawo yosafika m'mapazi n'kuima pamakinawo. Malemu ankalamula ali chikhalire, bulangete lili m'miyendo. Ankamva ndi khutu kuti mpeni ukudya kwambiri. "Bwezani pang'ono. Ayi, uko n'kupita patsogolo! Kodi manja anuwo ndi mafosholo?" Wamkuluyo ankang'ung'udza, koma m'mawa mwake ankabweranso. Ankakangana tsiku lililonse, ndipo sitinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo.

Mu Malichi, a Chikombole akusema m'kati mwa silinda yatsopanoyo, kulira kwa mpeni kunasintha. Anazimitsa makina, kuunika ndi tochi, ndipo anachiona: chibowo china, m'chitsulo chimene anaumba okha, chotulukira pa mpeni umene anagwira okha. Mlongo wanga anali pakhomo ndi tiyi, ndipo akuti anaganiza kuti zonse zathera pomwepo. A Chikombole anavula magalasi n'kunena kuti, "Chatulukanso. Nena zimene ukufuna kunena."

Malemu anapempha tochi, nayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Boolani pamenepo, mudule mazinga, mulowetsepo kabawuti kothina, tiseme pamodzi. Nthunzi sidzadziwa n'komwe."

"Basi?" anafunsa akulu awo. "Ndiye kuti yoyamba ijanso ikanatheka kukonza chonchi?"

"Ikanatheka."

"Nanga iwe, zaka zonsezi?"

"Nthawi imeneyo ndinali ndi mphamvu zokangana, achimwene," anatero malemu. "Pano zatha. Ndikhululukireni."

Mlongo wanga anabwerera ndi tiyi wake kukhitchini, chifukwa si bwino kuonerera amuna akuluakulu akulira.

Kainjini kanatha kumayambiriro kwa Meyi. Thanki yowiritsira madzi inali isanapangidwe, choncho anakayesa ndi mpweya wa pampu ya njinga. A Chikombole ankapopa thukuta lili kamukamu, malemu anakankha gudumu ndi chala, ndipo kanayenda, kakutsimphina pang'ono koma kakuyenda. Moto sanakayatse. Pa 27 Meyi 2024 matenda anakula, tinathamangira nawo kuchipatala, ndipo pa 30 Meyi masana anatisiya ali ndi zaka 73. Dzanja lamanja anagwira ndi mayi a kunyumba, lamanzere akulu awo.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mopanda kunyinyirika, abusa ndi a kwaya, anzawo akale akuntchito amene anyamula bokosi, komanso anansi amene apirira kulira kwa makina Loweruka lililonse osatisumira. Ndikuthokozanso mlongo wanga, amene anachita zimene ife amuna tinalephera.

Asiyanso akulu awo. Miyezi ingapo yapitayo sindikanadziwa ngati ndiwatchule pamndandanda uno, kapena ngati akanapezeka pano kuti amve. Lero ndi awo akhala kumutu kwa bokosi, ndipo akhala pamenepo chiyambire dzulo, akukana kusuntha. Anali ndi mng'ono wawo miyezi isanu yokha pambuyo pa zaka zonse zija. Ndi yochepa, ndipo zikutipweteka kuti ndi yochepa, koma anaipeza. Amene muli ndi mbale wanu amene simulankhulana naye, musadikire kuti mphamvu zithe.

Alamu, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere.