Zitini Zisanu ndi Ziwiri Zotsala Pakati pa Chipinda

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1951, tsiku Lolemba, ndipo anali woyamba m'banja la ana anayi. Ine amene ndaima pano ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo. Abale andipatsa pepala kuti ndiwerenge, koma mundikhululukire ndikamatuluka m'mizere, chifukwa zina zofunika sizinalembedwe.

Anayamba sukulu mu 1958 ndipo analekezera Sitandade 6 mu 1964, bambo athu atamwalira. Chaka chomwecho analowa ntchito kwa telala wina pafupi ndi siteshoni ya basi. Ntchito yawo inali yosokerera mabatani ndi kupinda m'munsi mwa madiresi. Kumeneko ndi kumene anatengera matenda osataya kanthu. Kaulusi kotalika ngati chala ankakatola pansi, n'kukakulunga pakamtengo ka machesi, ati tsiku lake lidzafika.

Mu 1972 anakwatiwa ndi alamu anga, dalaivala wa malole, amene anatsogola mu 1998. Mulungu anawapatsa ana atatu, wamkazi mmodzi ndi amuna awiri.

Mu 1980 anasiya kwa telala n'kuyamba kugwirira ntchito kunyumba, m'chipinda chakumbuyo chija. Ambiri mwa inu muli ndi nsalu ya patebulo imene anapeta, kapena juzi imene analukira mwana wanu. Koma chipindacho, abale inu! Zaka makumi anayi ndi zinayi akulowetsamo zinthu, osatulutsamo ngakhale chimodzi. Zitini za mabisiketi, za mkaka, za polishi, zonse zodzaza ulusi, mikanda, mazipi ndi mabatani. Matumba a zigamba mpaka kudenga. Singano zina zobaya pakatani, zina pasopo wouma. Kanjira kopita pamakina osokera kanali kodutsa cham'mbali, ndipo ine ndinkawaseka kuti ngakhale khoswe akalowamo amafunsa njira. Komatu ukawapempha batani labulauni la mabowo anayi, ankangotambasula dzanja osacheuka, ili apa.

Mu 2019 anawapeza ndi matenda a shuga. Chimene sitinadziwe n'chakuti matendawo ankadya maso pang'onopang'ono. Anatibisira tonse, ine ndemwe, chifukwa ankaopa kuti tiwalanda singano. Anapitiriza kupeta, pakuti manja awo ankadziwa pamene chilichonse chimakhala. Ulusi wobiriwira unali m'chitini cha mkaka kuseri kwa chitseko, wofiira m'chitini chachitatu pansi pa windo. Ulusi ankaulowetsa pasingano ndi kawaya. Ife tinkaona chisokonezo, pamene kwa iwo chipindacho ndicho chinali maso.

Mu Juni 2024 anagonekedwa m'chipatala milungu iwiri chifukwa cha bala la kuphazi. Apa m'pamene mwana wawo woyamba anabwera, amene tonse timamutchula kuti a Hedi chifukwa ndi mphunzitsi wamkulu. A Hedi anachoka pakhomo ali ndi zaka khumi ndi zitatu kupita kusukulu yogonera komweko, ndipo chichokere chake maulendo awo anali a kufika Loweruka, Lamulungu ali kale m'basi. Mtima unkawatsutsa, ndiye anafuna kuchitira amayi awo chinthu chachikulu. Anakonza chipinda chija masiku anayi, osapuma. Anatentha matumba asanu ndi awiri a zigamba. Anakhoma mashelefu, anagula mabokosi apulasitiki ooneka mkati, anasanja ulusi mtundu ndi mtundu, ndipo pabokosi lililonse anamatapo kapepala kolembedwa ndi dzanja lauphunzitsi lija. Zitini zakale anaziunjika panja kuti zikatayidwe. Sindibisa, ine ndinaomba m'manja, ndinati tsopano m'nyumba muno mwalowa munthu wanzeru.

Malemu atatuluka m'chipatala anaima pakhomo pa chipindacho, atagwira felemu ya chitseko, nthawi yaitali ndithu. Kenaka anathokoza mwana wawo, ati wagwira ntchito. Sanadandaule ngakhale liwu limodzi.

Kuyambira m'mawa mwake ankalowamo n'kudzitsekera. Makina sankalira. A Hedi ali pakhonde ankangomva zivundikiro, kutsegula, kutseka, kutsegula, kutseka, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Patatha mlungu anapeza nsalu imene amayi awo ankapeta. Msoko unali wowongoka monga mwa masiku onse, koma maluwa anali akuda bii, masamba ake ofiira. Anayang'ana nsaluyo, anayang'ana timapepala tawo tija pamabokosi, ndipo anazindikira kuti analembera munthu amene sakuona. Anabwera kwanga akulira ngati mwana, ati malume, shuga inawalanda maso oyamba, ine ndawalanda achiwiri. Mawu amenewo sanachoke mumtima mwa a Hedi mpaka lero, ndipo ndi amene andichititsa kuti ndituluke m'mizere.

Mwamwayi zitini zija zinali zisanatayidwe. Kuyambira Julayi 2024, a Hedi ankakwera basi Lachisanu lililonse, ulendo wa maola asanu ndi atatu, kudzabwezeretsa zimene anakonza. Ndani anaonapo mphunzitsi wamkulu akugwada pansi kusokoneza chipinda mwadala? Malemu ankakhala pampando wawo n'kumalamula. Ichi kuseri kwa chitseko, icho pansi pa tebulo, ayi osati pamenepo, sunthira kumanzere. Koma ntchito inkayenda ngati nkhono. Tsiku lina zitini ziwiri zokha, kenaka nkhani zakale, kenaka ati ndatopa. Pofika Okutobala panatsala zitini zisanu ndi ziwiri pakati pa chipinda, ndipo malemu anayamba kunena kuti malo ake aiwala, ayesenso mlungu wamawa. A Hedi ankabwerera mtima uli zii, poganiza kuti awononganso mutu wa amayi awo.

Pa 24 Novembala 2024 malemu anakomoka ali pampando womwewo. Tinathamangira nawo kuchipatala, kumene madokotala anati impso zaleka kugwira ntchito. Anatisiya pa 3 Disembala 2024, nthawi ya 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 73.

Chimwalirire chawo, a Hedi sanaike kanthu m'kamwa. Akungokhala m'chipinda chija, kunyamula chitini, kuchiika pakhoma ili, kuchichotsa, kuchiika pakhoma ilo, kudikira wina awauze. Akuti masana akumamva zivundikiro zikutseguka ndi kutsekeka m'chipindamo mulibe munthu wina. Dzulo masana nanenso ndinamva. Ena akuti ndi malata akatenthedwa ndi dzuwa. Ine sinditsutsa, sindivomereza.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi zitatu, chidzukulutudzi chimodzi, ndi ife abale awo awiri. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, aneba amene ankatibweretsera madzi otentha kuchipatala, amayi anzawo osoka amene aphimba bokosili ndi nsalu, ndi inu nonse amene mwasiya ntchito zanu.

Tsopano ndilankhule ndi iwe, mwana wa mlongo wanga, ndipo za uhedi tiziike pambali. Lachitatu lina mu Okutobala ndinapita kukawaona. Ndinawapeza akupeta, maluwa ofiira, masamba obiriwira, akung'ung'udza nyimbo. Ndinawafunsa za zitini zotsalazo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunditchulira malo a chilichonse, chimodzichimodzi, osaphonya. Ndinati nanga mukumuzunziranji mwana? Anandiyankha kuti zitini zikatha, Lachisanu lithanso. Ati mwana wanga ndinamupereka kusukulu ali wamng'ono, ndamupeza ndili nkhalamba, ndiye ndimubwezenso ndekha chifukwa cha zitini? Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze iwo ali moyo, ndipo ndasunga lumbirolo mpaka lero, ngakhale linkandiwotcha.

Amayi ako sanaiwale kanthu. Miyezi isanu imene iwe unkaiyesa chilango, iwo anati ndiyo inawakomera kuposa yonse chimwalirire cha bambo ako. Malo a zitinizo ndinawalemba tsiku lomwelo, kapepala kake kali m'thumba la jekete lino. Lero udye. Mawa m'mawa ndidzakhala pampando wawo ine, iwe uzidzanyamula, ndipo tidzamaliza chipindacho.

Mlongo wanga, ndaulula, mundikhululukire. Mzimu wanu uuse mumtendere.