Chiswe, Mmisiri Mnzanga

Pamzere wa m'sitolo yogulitsa mankhwala ophera tizilombo, mayi wina wophika makeke anacheukira bambo amene anali ndi utuchi m'tsitsi.

"Inunso ndi mphemvu, bambo?"

"Ayi mayi, kwanga ndi chiswe. Ndine kalipentala."

"Bola inu. Mphemvu n'zochenjera! Zikuluzikulu zija zimakhala kuchimbudzi, koma ting'onoting'ono tinasankha kuseri kwa uvuni, pofunda. Ndikamasesa, zii. Kungobwera kasitomala, izo patebulo!"

"Zimenezo zimangodya zotsala. Chiswe chimagwira ntchito, mayi. China chimamanga chulu, china chimakhala m'thabwa momwemo. Changachi chinachokera pansi, n'kumanga kanjira kadothi pakhoma mpaka pakabati ya mkwatibwi wina, yoti adzatenge Loweruka."

"Mayo! Chaiwononga?"

"Chadya mkati monse, n'kusiya vanishi akuwala bwinobwino. Nditati ndigogode, chala chinangolowa. Ine ndakalambira pantchitoyi, koma sindinapalepo thabwa lopyapyala choncho."

"Mukuchitamatu! Nanga mankhwala mugulabe?"

"Ndigula, mayi. Ndi mmisiri mnzanga, inde, koma m'shedi imodzi sitingakhalemo awiri."