Mfuti Imene Inkapuma Kaye

Basi inali itachedwa. Pasiteji, mayi wina wovala zakuda anayamba kukhuthulira bambo wosamudziwa nkhawa zake, poti anali atakhala naye pa benchi imodzi.

"Apolisi akundifunsa, ati mfuti imene wakuba uja anaphera mlongo wanga inali otomatiki kapena semi. Ine ndingazidziwire kuti zimenezo?"

"Kalanga ine! Pepani, mayi. Munaimva ikulira?"

"Ndinabisala kuseri kwa kauntala m'sitolo mwathu. Inkati phuu, kenako zii, kenako phuu."

"Imeneyo ndi semi. Otomatiki ukangopanikiza chala, zipolopolo zimakhuthuka zokha. Koma semi, chipolopolo chilichonse umachita kukoka."

Mayiyo anagwira pakamwa.

"Ine ndimadzitonthoza kuti mwina mfuti inangomupulumuka. Kani maulendo onse aja ankachita kukoka yekha, mlongo wanga atagwada, akumupepesa?"